Kusiyana pakamwa si chisudzulo

Chaka chatha m'nyengo yozizira, masiku aja Mzuzu amakhala m'nkhungu mpaka dzuwa kufika paliwombo, tinataya msuweni wanga. Nkhani inabuka tisanasese n'komwe. Mayi amene malemuyo anakhala naye zaka 9 ku Mchengautuba, amene anamudwazika ndi kumutembenuza pamphasa mpaka tsiku lomaliza, anali khale pakati pa amayi anzake pamene mayi wina anapisa m'chikwama n'kutulutsa pepala lopindapinda. Inali setifiketi ya ukwati wa kwa DC. Pa pepalapo panali dzina la msuweni wanga ndi la mayi wotulutsa pepalayu, amene tonse tinkamutcha mkazi wakale.

Ine ndinali nkhoswe ya kuchimuna pa ukwati woyambawo. Zinthu zitafika posauzana, tinakhala pansi ku Chiputula ndi ankhoswe a kuchikazi, tinamva mbali zonse, tinaona kuti madzi atayika ndipo saoleka. Tinagwirizana kuti mkazi atenge ziwiya, makina osokera ndi ana awiri, abwerere kwawo. Tinagwirana chanza n'kubalalika. Palibe mmodzi wa ife, ine ndemwe, amene anatchula khoti. Zaka 9 pambuyo pake ndinaona zipatso za kukhala chete kwanga: amayi awiri, onse osalakwa, akuyang'anizana pa maliro, wina ali ndi pepala, wina ali ndi nyumba imene anathandiza kuumba njerwa zake koma lamulo silikumudziwa ngati mkazi, chifukwa ukwati wa kwa DC ndi wa mkazi mmodzi ndipo unali usanathe.

N'chifukwa chake ndikulemba. Ndikufuna kunena poyera kuti chizolowezi chathu chothetsa banja ndi mawu akuti "basi, tasiyana" chikupweteka anthu, ndipo amene amapwetekeka kwambiri ndi wopanda mphamvu: mkazi wopanda ntchito yolembedwa, ana, ndi munthu wina wosadziwa kanthu amene adzakwatirane ndi mmodzi wa awiriwo m'tsogolo. Banja likatha, lithere kubwalo la milandu. Sindikunena kuti mabanja azitha. Ndikunena za amene atha kale, amene aliyense m'dera akudziwa kuti phulusa lake linazizira.

Chichitikireni za msuweni wanga, anthu amandifunsa mafunso, ena kutchalitchi, ena m'minibasi ya ku Ekwendeni, ena pa WhatsApp usiku. Ine si loya. Koma ndinawerenga, ndinafunsa odziwa, ndipo ndinadabwa kuti mafunso a anthu ndi omwewo omwewo, ndipo mayankho ake ali m'malamulo amene takhala nawo zaka zambiri.

Funso limene limabwera koyamba ndi la mantha: "Ife sitinalembetse kulikonse, nanga khoti litimvera?" Likumverani. Malamulo aakulu a dziko lino, pa gawo 22, amazindikira ukwati wa mwalamulo, wa mwambo, komanso wa anthu amene akhalira limodzi mpaka kudziwika kuti ndi banja. Lamulo la maukwati, kusudzulana ndi ubale wa m'banja, limene Nyumba ya Malamulo inavomereza mu February 2015 n'kuyamba kugwira ntchito mu July chaka chomwecho, linatchula mitundu inayi: wa kwa DC, wa chinkhoswe kapena malowolo, wa kutchalitchi kapena kumzikiti, ndi wongolowana. Yonse inayi linaipatsa ulemu wofanana. Ambiri a ife timalikumbukira lamuloli pa chinthu chimodzi chokha, choti munthu asakwatiwe asanakwanitse zaka 18. Zina zonse zimene zilimo zinatidutsa.

Pa ukwati wongolowana pali mbuna imene ndikufuna muione bwino, chifukwa mu Mzuzu muno mabanja otere ndi ambiri. Mnyamata wachokera ku Ntchisi kudzagwira ntchito ya ulonda, mtsikana wachokera ku Nkhata Bay kudzagulitsa usipa, akumana ku Chibavi, achita lendi chipinda chimodzi, mwana wabadwa, akwawo amva pafoni. Ukwati wotere sukhala ukwati pamaso pa lamulo pokhapokha khoti litaunika n'kunena kuti ndi ukwatidi. Limayang'ana ngati anthuwo akhalira limodzi zaka zosachepera 5, ngati ankadalirana pa ndalama, ngati ali ndi katundu wa onse, mmene ankalerera ana, ndi mmene anthu ozungulira ankawadziwira. Mtsikana amene wakhala ndi mwamuna zaka 3 n'kuthamangitsidwa amakhala pamalo ovuta kwambiri akafuna kudandaula ngati mkazi wapabanja. Ana ake okha ndiwo lamulo silifunsa kuti makolo anakwatirana motani: bambo ayenera kuwasamalira, kaya panali ukwati kaya panalibe. Makolo amene mumamva kuti mwana wanu walowana ndi munthu m'tauni n'kungoti "bola akukhala", pitani mukamange chinkhoswe. Ulendo umodzi wa basi ungamuteteze zaka zambiri.

Za khoti loti mupiteko sizifuna mawu ambiri. Ukwati wa mwambo umathetsedwa kubwalo la majisitireti. Wa kwa DC umathetsedwa kubwalo lalikulu la High Court, ndipo kuno ku Mzuzu lilipo, simufunika kukwera basi ya ku Lilongwe. Wa kutchalitchi umatengera mmene unalembetsedwera, choncho tengani setifiketi yanu mukaionetse kwa kalaliki wa khoti kapena ku Legal Aid Bureau, ofesi ya boma yothandiza anthu pa milandu, akakuuzeni khomo loyenera. Dziwaninso kuti nkhani ikakhudza umwini wa malo kapena katundu wa ndalama zambiri, majisitireti angathe kuthetsa ukwatiwo koma za katunduyo n'kuzitumiza kubwalo lalikulu.

Kenaka anthu amafunsa chifukwa chimene angapereke. Lamulo la 2015 limafuna chinthu chimodzi: khoti likhutire kuti banjalo lasweka moti silingalumikizikenso. Pofuna kukhutira limayang'ana zinthu monga chigololo chimene mnzakeyo sangathe kupirira nacho, nkhanza, kapena kuthawidwa popanda chifukwa kwa chaka chathunthu, ndipo lili ndi ufulu woganizira zifukwa zinanso. Amene munakwatirana July 2015 asanafike, zifukwa zothetsera ukwati wanu zimatsata malamulo akale, ndipo ichi n'chimodzi mwa zoti mufunse musanalembe chilichonse.

Mfundo ya kuthawidwayi ndi yathu kwambiri kuno kumpoto. Ndani sadziwa mayi amene mwamuna wake anapita ku Joni n'kungoti zii? Chaka choyamba amatumiza ndalama ndi mabulangete, chachiwiri foni imayamba kusowa, chachitatu mukumva kuti ali ndi wina ku Johannesburg kapena ku Cape Town. Mayiyo amakhala pakati, sali pabanja, sali mbeta. Apongozi akuti dikira. Akapeza bwenzi, mudzi wonse umamuloza chala, pamene amene anathawa palibe womunena. Ndakumana ndi amayi otere amene ankakhulupirira kuti popeza mwamuna kulibe, palibe chimene angachite mpaka atabwera kudzawasudzula yekha. Si zoona. Mkazi ali ndi mphamvu yokayambitsa yekha mlandu wa chisudzulo. Mwamuna ayenera kudziwitsidwa kuti wasumiridwa, inde, ndipo khoti ndilo limalamula njira yomudziwitsira akakhala kutali. Kukana kwake kapena kusabwera kwake sikumanga khoti manja mpaka kalekale. Mawu akuti "sindikusudzula, uona" amaopsa okhawo amene sanafunse.

Tsopano katundu, pamene pamagona mitima ya anthu ambiri ndiponso bodza lalikulu kuposa onse. Bodzalo limati: chimene chili m'dzina la mwamuna n'cha mwamuna. Poloti ku Nkhorongo inalembedwa dzina lake, njinga yamoto ya kabaza anagula ndi iye, ku banki akaunti ndi yake, ndiye mkazi atenge mapoto ndi zitenje azipita. Umu ndi mmene ifenso tinagawira ku Chiputula kuja, ndipo tinkaona ngati tachita chilungamo poti tinawonjezerapo makina osokera.

Gawo 24 la malamulo aakulu limanena kuti ukwati ukatha mkazi ali ndi ufulu wolandira gawo loyenera la katundu amene anali wa onse awiri, komanso chisamaliro choyenera, potengera mphamvu za mwamunayo ndi zosowa za ana. Ufulu umenewu ndi wa mkazi aliyense, kaya anakwatiwa chaka chiti. Lamulo la 2015 linapita patsogolo pa gawo 74: pogawa katundu khoti liyang'ane zimene aliyense amapeza, zosowa zake, msinkhu ndi thanzi lake, ndiponso zimene aliyense anasonkhapo, mwachindunji kapena mwa njira ina, kuphatikizapo ntchito za pakhomo. Mawu omalizawa ndimafuna atalembedwa pakhoma la nyumba iliyonse imene ankhoswe amakumaniramo. Kuphika ndi ntchito. Kutunga madzi oumbira njerwa ndi ntchito. Kulera ana anayi kuti bambo athe kupita ku Kyela kukapikula katundu wa ku msika wa Mataifa ndi ntchito. Mayi amene ankagulitsa tomato ndi mandasi n'kumagula ndiwo tsiku ndi tsiku, kuti malipiro a mwamuna apite ku malata ndi simenti, anamanga nawo nyumbayo, ngakhale dzina lake palibe pa pepala la poloti.

Makhoti athu anayamba kale kuona zinthu motere. Mu 2020 bwalo lalikulu ku Blantyre linaweruza mlandu wa mayi amene anagwira banja pamene mwamuna wake ankachita maphunziro a ukachenjede, n'kusiyidwa mwamunayo atamaliza. Khoti linagamula kuti mayiyo ayenera kulandira chipukuta misozi chifukwa cha zimene anathandizira pa maphunzirowo. Nkhaniyi inakambidwa kwambiri pa wailesi ndi pa Facebook, ena akuseka, ena akukwiya. Ine ndinaganiza za amayi a ku Luwinga amene amachapa ndi kugulitsa makala pamene amuna awo ali m'kalasi ku Mzuni, ndipo ndinaona kuti woweruzayo ananena chimene agogo athu ankachidziwa kale, kuti wolima nawo m'munda sabisiridwa nkhokwe.

Ndisanamizire: lamulo silinena kuti chilichonse chigawidwe pakati ndi pakati. Limati chigawidwe mwachilungamo, ndipo chilungamo chimafuna umboni. Katundu amene munthu anali naye asanakwatire, kapena amene zikuoneka kuti anali wake yekha, khoti lingamusiyire. Apa ndi pamene amayi ambiri amagwera, osati chifukwa sanasonkhe, koma chifukwa alibe chosonyeza. Sungani malisiti. Buku la banki m'khonde limene likuonetsa kuti munatenga ngongole mwezi umene munagula malata ndi umboni. Mauthenga a Airtel Money kapena Mpamba ndi umboni. Mmisiri amene munkamulipira m'manja ndi mboni. Ndipo lamuloli silikondera amayi okha: bambo amene anasiya geni yake n'kuthandiza mkazi wake kukweza shopu ali ndi mawu omwewo.

Pali china chimene Mzuzu amasiyana nacho ndi Lilongwe kapena Zomba, ndipo ndicho chimavuta koposa: miyambo iwiri imakumana m'nyumba imodzi. Ife ochokera kuchikamwini tinakula tikudziwa kuti ana ndi a kwa mayi, mwini mbumba ndi malume, ndipo mwamuna ali ndi udindo womangira mkazi nyumba kwawo kwa mkaziyo, udindo umene makhoti akhala akuukakamiza ngakhale banja litatha. Anzathu a ku Mzimba, Rumphi ndi Karonga amalowola, ndipo kwa iwo ng'ombe zikapita ana ndi a kwa bambo. Mchewa akakwatira Mtumbuka, kapena Mngoni wa ku Mzimba akakwatira Mlomwe, tsiku losiyana aliyense amatulutsa mwambo umene ukumukomera. Ndamvapo bambo akunena kuti "ana ndi anga, ndinalowola", ndipo ndamvapo malume akunena kuti "ana ndi athu, iwe unali tambala chabe". Onse awiri amalankhula ngati ana ndi mbuzi zogawana.

Sindinyoza malowolo. Ndakhala kumpoto kuno zaka zambiri ndipo ndaona mmene mwambowu umamangira mabanja awiri pamodzi, mmene umachititsira kuti mwana wamasiye asasowe kwawo. Koma pa funso loti mwana akhale ndi ndani makolo akasiyana, lamulo linasankha kale mbali, ndipo ndikugwirizana nalo. Malamulo aakulu pa gawo 23, pamodzi ndi lamulo losamalira ndi kuteteza ana la 2010, amaika patsogolo ubwino wa mwanayo. Khoti limafunsa kuti mwana adya kuti, aphunzira kuti, ndani wakhala akumusamalira, ali wotetezeka kuti, ndipo akakhala wamkulu ndithu limamva maganizo ake. Ng'ombe sizilowa m'mafunso amenewa ngati chigamulo. Nkhani yobweza malowolo, kumene mwambo umatero, ndi nkhani ina yoti ikambidwe payokha, ndipo si chingwe chomangira mwana kapena mayi ake. Kholo limene silikukhala ndi mwana limakhalabe ndi ufulu womuona ndiponso udindo womusamalira. Mwana wa zaka zitatu kumuchotsa kwa mayi ake n'kukamusiya kwa agogo kumudzi, bambo ake ali m'tauni ndi mkazi watsopano, chabe pofuna kuonetsa kuti analowola, ndi nkhanza, ngakhale itavala chovala cha mwambo.

Ndikudziwa zimene ena anene, ndipo zina mwa izo n'zoona. Anena kuti khoti n'lochedwa. N'zoona: milandu imaimitsidwa, mafayilo amatenga nthawi, munthu wa ku Lusangazi amawononga ndalama ya kabaza kangapo asanamve chigamulo. Anena kuti maloya ndi odula. N'zoonanso, ngakhale kubwalo la majisitireti anthu ambiri amadziyankhulira okha m'Chichewa kapena m'Chitumbuka popanda loya, ndipo Legal Aid Bureau, imene ili ndi ofesi mu Mzuzu muno, inakhazikitsidwa kuti ithandize amene sangakwanitse kulipira. Anena kuti ngakhale khoti ligamule ndalama za ana, abambo ena amapereka miyezi iwiri n'kusiya. Izinso ndaziona. Koma taganizani kusiyana kwake. Mayi amene ali ndi chigamulo cha khoti angathe kubwerera kukhotiko kukanena kuti munthu uja sakumvera, ndipo khoti lili ndi mphamvu yomuitana ndi kumukakamiza. Mayi amene ali ndi lonjezo lapakamwa limene linaperekedwa pamaso pa ankhoswe abwerera kwa yani? Nkhoswe ina inasamukira ku Karonga, ina inamwalira, yotsalayo ikuti "ine ndatopa nazo". Njira yochedwa imene ili ndi mathero ndiyabwino kuposa yachidule yokathera kuphompho.

Ena anena kuti kulankhula zotere n'kulimbikitsa kutha kwa mabanja, kuti ukwati ndi kupirira, kuti chimene Mulungu wamanga munthu asachimasule. Ine ndine wopemphera, ndipo sindikufuna kuti mpingo uliwonse usinthe chiphunzitso chake. Akatolika ali ndi njira yawo younikira maukwati, a CCAP ndi mipingo ina ali ndi zawo, Asilamu ali ndi zawo. Koma chigamulo cha mpingo chimakhudza za mumpingo, monga kudya mgonero ndi kudalitsanso ukwati. Sichigawa nyumba, sichilamula ndalama za sukulu, sichifafaniza setifiketi ya kwa DC. Ndiponso khoti silithamangira kuthetsa banja. Limafuna kuona ngati pali mpata wogwirizananso, kawirikawiri limafuna kumva kwa ankhoswe, ndipo kubwalo lalikulu chisudzulo chimabwera pawiri, choyamba chongoyembekezera, chomaliza pakapita nthawi. Munthu asakwatirenso chomalizacho chisanatuluke. Wokwatira wina ukwati wa kwa DC usanathe amapalamula mlandu.

Pa kupirira ndiime pang'ono, chifukwa mawu amenewa aika amayi ambiri m'manda. Ngati m'nyumba muli kumenyedwa, funso la chisudzulo lidikire, loyamba ndi moyo. Lamulo loletsa nkhanza za m'banja la 2006 limapatsa khoti mphamvu yoletsa wankhanza kuyandikira mnzake, ngakhale kumutulutsa m'nyumba kuti wozunzidwayo ndi ana akhalemo, ndipo izi sizidikira kuti ukwati uthe. Ku polisi kuli ofesi yothandiza ozunzidwa ya Victim Support Unit. Nkhoswe imene imaona mkazi ali ndi diso lotupa n'kumuuza kuti "bwerera, ndi mmene amakhalira amuna" yasiya ntchito yake. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo ife tisamutsekere.

Kwa ankhoswe anzanga, ndi athenga a kuno kumpoto, pempho langa ndi ili. Ntchito yathu yoyanjanitsa ndi yofunika ndipo palibe khoti lingaigwire m'malo mwathu. Tiyesetse mpaka pamene mphamvu zathera. Koma tikaona kuti zakanika, ntchito yathu sithera pa kugwirana chanza. Tilembe zimene awiriwo agwirizana pa ana ndi pa katundu, tiwaperekeze kukhoti, tikaime ngati mboni, kuti mgwirizanowo ukasanduke chigamulo. Anthu akagwirizana kale, mlandu sukhala wa mkangano ndipo sufuna kutukwanizana pagulu. Tinalipo pomanga, tikhaleponso pomasula, mpaka pepala litatuluka. Ndipo inu achemwali amene mwafunsiridwa ndi bambo wonena kuti "mkazi woyamba tinasiyana kalekale", mufunseni mwaulemu kuti akuonetseni chikalata cha khoti. Si kupanda chikondi. Mlamu wanga wa ku Mchengautuba sanafunse, ndipo ife amene tinkadziwa sitinamuuze.

Nkhani ya chuma cha msuweni wanga ikadali m'manja mwa oweruza. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limateteza ana onse, a nyumba yoyamba ndi a yachiwiri mofanana, ndipo limaletsa achibale kulanda katundu, choncho pa anawo mtima wanga uli m'malo. Za amayi awiriwo ndi zimene zimandisowetsa tulo. Wa setifiketi uja analera yekha ana awiri zaka 9 popanda ndalama ya sopo yochokera kwa bambo wawo, chifukwa ife sitinamuuze kuti akanatha kukaipempha kukhoti. Wa ku Mchengautuba akukhalabe m'nyumba ija, koma sakudziwa ngati chaka chamawa adzakhala alimo, ndipo akufunafuna mmisiri amene anakhoma denga kuti akachitire umboni kuti ndalama ya malata inachokera m'geni yake ya kaunjika. Sabata yatha ndinamuperekeza ku Zolozolo kumene tinamva kuti mmisiriyo anasamukira. Sitinamupeze, atiuza kuti tibwerenso Loweruka.